Maluwa a kakitasi papepala: mbiri ya luso lojambula zomera ndi gawo la Zomba

M'tsinde mwa phiri la Zomba muli likulu la bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1987. Imodzi mwa ntchito zake zazikulu ndi kusunga zitsanzo za zomera za dziko lino. Nthambi yokhala ndi masamba ndi maluwa imaikidwa pakati pa mapepala, imapanidwa ndi matabwa mpaka iume, kenaka imamatidwa papepala lolimba pamodzi ndi kakalata konena malo, tsiku ndi dzina la amene adaitola. Msuku, mombo, tsekera ndi zomera zina zambirimbiri zimasungika bwino mwa njira imeneyi, ndipo chitsanzo chosamalidwa chimakhala zaka mazana.

Pali gulu limodzi la zomera lomwe limavuta kupana. Izi ndi zomera zonenepa, zosunga madzi m'tsinde kapena m'masamba, monga kakitasi, aloe ndi abale a nkhadze. Gawo lalikulu la thupi lawo ndi madzi, choncho zikapanidwa zimaola zisanaume, ndipo zina zimapitiriza kuphuka zili pakati pa mapepala. Otola zomera amachita kuzing'amba, kuzikumba mnofu wa m'kati, kapena kuziviika m'madzi owira kuti zife kaye. Chotsala papepala chimakhala chikopa chakhwinyakhwinya chokhala ndi minga, chosasonyeza ngati mmerawo udali wobulungira, wansongansonga kapena wautali ngati mlongoti. Duwa ndiye limaonongekeratu. Mtundu wake umafwifwa, ndipo akakitasi ambiri duwa lawo limakhala tsiku limodzi kapena awiri, ena usiku umodzi wokha.

N'chifukwa chake kwa zaka pafupifupi 500 chidziwitso cha zomera zimenezi chadalira kwambiri munthu wa pensulo ndi burashi. Mngelezi wina, Richard Bradley, adatulutsa pakati pa 1716 ndi 1727 buku loyamba lonena za zomera zonenepa zokhazokha, lokhala ndi zithunzi 50, ndipo pamutu penipeni pa bukulo adalongosola kuti akulemba za zomera zimene sizitheka kuumitsa. Chithunzi chidalowa m'malo mwa chitsanzo. Mpaka lero malamulo otchulira zomera maina amalola kuti chithunzi chakale chiimire dzina la mmera pamene chitsanzo chouma palibe, ndipo maina angapo akale a kakitasi aima pa zithunzi zotere.

Kakitasi weniweni ndi omufanana

Anthu ambiri m'tauni amatchula mmera uliwonse wonenepa waminga kuti kakitasi. Kwa akatswiri a zomera dzinali ndi la banja limodzi lokha, la Cactaceae, ndipo kwawo kwa banjali ndi ku America, kuyambira ku Canada mpaka ku Argentina. Mtundu umodzi wokha, Rhipsalis baccifera, ndiwo umapezeka ukumera wokha kunja kwa America, m'nkhalango zachinyontho za mu Africa, ku Madagascar ndi ku Sri Lanka. Uwu umalendewera m'mitengo ngati zingwe zobiriwira, umabereka tizipatso toyera, ndipo wodutsa sangauganizire n'komwe kuti ndi kakitasi. Akatswiri amasiyana maganizo ngati njere zake zidaoloka nyanja ndi mbalame kapena ndi zombo.

Kakitasi amene Amalawi ambiri amamudziwa, wa zikhatho zathyathyathya ndi zipatso zokhala ndi timinga tolowa m'zala, yemwe m'madera ena amati kaloga, ndi wa mtundu wa Opuntia ndipo adachita kubwera. Ku South Africa ndi ku Australia adafalikira mpaka kulanda malo odyetsa ziweto, kotero kuti maboma adachita kuitanitsa tizilombo ta ku America todya mmerawu kuti aubweze.

Zomera za kuno zooneka ngati kakitasi zambiri ndi za mtundu wa Euphorbia, womwe nkhadze ya m'mipanda ili m'menemo, pamodzi ndi mitengo ija ya nthambi zoimirira ngati zala imene imaoneka m'matanthwe ndi pazulu. Kufananaku kudadza chifukwa cha moyo wa m'malo ouma, pakuti ubale palibe. Wojambula waluso amaonetsa kusiyanaku m'malo awiri. Pa kakitasi, minga ndi maluwa zimatuluka pa kamtsamiro kaubweya komwe banja lina lililonse lilibe, ndipo duwa limakhala lalikulu, la timasamba tambiri ndi tinthambi ta mungu tosawerengeka. Euphorbia amakhala ndi timaluwa tating'ono zedi tosonkhana m'kachikho, ndipo akatemedwa amatuluka utomoni woyera ngati mkaka, woyabwa pakhungu komanso woopsa m'maso. Wosokoneza ziwirizi akhoza kuvulala nazo.

Kuchokera ku Mexico mpaka ku Berlin

Oyamba kujambula kakitasi adali eni ake a ku America. Buku la Codex Mendoza, lolembedwa ndi Aaziteki cha m'ma 1540, limaonetsa chiombankhanga chitatera pa kakitasi pamalo pomwe padamangidwa mzinda wa Tenochtitlan, ndipo chizindikiro chimenechi chili pa mbendera ya Mexico lero. Mu 1552 sing'anga wa kumeneko, Martín de la Cruz, adalemba buku la mankhwala a zitsamba lokhala ndi zithunzi zamitundu, lomwe Juan Badiano adalimasulira m'Chilatini, ndipo kakitasi alimo. Ku Ulaya zithunzi zoyambirira zosindikizidwa zidatuluka m'buku la Gonzalo Fernández de Oviedo la 1535. Zidali zozokota pathabwa, za mizere yokhuthala, zokwanira kudabwitsa owerenga koma zosathandiza kusiyanitsa mtundu wina ndi unzake.

Luso lidakwera pamene osindikiza adayamba kuzokota pamkuwa. Buku lalikulu la Basilius Besler la 1613, Hortus Eystettensis, lili ndi Opuntia wojambulidwa mosamala. Pofika 1753, pamene Carl Linnaeus adaika dongosolo la maina awiriawiri lomwe likugwirabe ntchito, akakitasi odziwika kwa iye adali mitundu 22 yokha, yonse pansi pa dzina limodzi lakuti Cactus, lochokera ku liwu la Chigiriki lotchulira chitsamba china chaminga.

Zaka za m'ma 1800 zitayandikira, padaoneka njira ziwiri zojambulira. Ku Paris, Pierre-Joseph Redouté adayamba mu 1799 kujambula zomera zonenepa m'buku lomwe mawu ake adalemba ndi Augustin Pyramus de Candolle. Mmera umaima wokha papepala loyera, ndipo pambali pake pamakhala duwa lodulidwa pakati ndi ziwalo zake chimodzichimodzi. Ku London, Robert John Thornton m'buku la Temple of Flora adaika chithunzi cha kakitasi wotsegula usiku, Selenicereus grandiflorus, chomwe duwa lake adajambula ndi Philip Reinagle ndipo mwezi ndi mdima wa kumbuyo adajambula ndi Abraham Pether. Kumbuyoko kuli nsanja ya tchalitchi ndi wotchi yosonyeza pakati pa usiku, ngati kuti mmera wa ku Caribbean ungamere panja m'chisanu cha ku England. Chithunzichi n'chokongola ndipo chimagulitsidwabe, koma katswiri wofuna kuzindikira mmera amapindula zambiri ndi pepala loyera la Redouté. Thornton mwiniyo bukuli lidamusiya paumphawi.

Ntchito yomwe okonda kakitasi amaitchula kwambiri ndi Blühende Kakteen, kutanthauza akakitasi ochita maluwa, yomwe idatuluka pang'onopang'ono ku Germany kuyambira 1900 mpaka 1921. Adaiyamba ndi Karl Schumann wa ku munda wa zomera wa Berlin. Iye atamwalira mu 1904 adaipitiriza Max Gürke, ndipo adaimaliza ndi Friedrich Vaupel. Zithunzi zake zilipo 180, ndipo pafupifupi zonse adajambula ndi Toni Gürke, mkazi wa Max. Wojambula wotere ankadikira mmera kuti uchite maluwa m'nyumba ya magalasi, nthawi zina kwa zaka, ndipo duwa likatseguka ankakhala ndi maola ochepa oti ayeze, alembe mizere ndi kusakaniza utoto lisanafote. Nthawi yomweyo ku America, Nathaniel Lord Britton ndi Joseph Nelson Rose adatulutsa mabuku anayi a The Cactaceae pakati pa 1919 ndi 1923, ndipo zithunzi zamitundu zambiri zidali za Mary Emily Eaton wa ku New York Botanical Garden. M'ntchito ziwiri zonsezi maina a amuna ali pachikuto, pamene chimene chimachititsa anthu kuzitsegulabe lero ndi ntchito ya manja a amayi awiriwa.

Zomba: Kirk, Buchanan ndi munda wa pa Masongola

Popeza kakitasi ndi mlendo kuno, mbiri ya zithunzi zotere m'Malawi ndi ya aloe ndi zomera zina zonenepa za m'dziko muno, ndipo yaikulu idadutsa pa Zomba.

Katswiri wa zomera woyamba wa ku Ulaya kufika m'chigawochi adali John Kirk, dokotala wa pa ulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi. Mu 1859 awiriwa adafika ku Nyanja ya Chilwa ndi kuona phiri la Zomba. Kirk ankatola zomera komanso kuzijambula, ndipo zina mwa zojambula zake zili ku Kew, munda wa zomera wa ku London. Kumapeto kwa 1860 bwato lake lidagubuduka m'mathithi a Kebrabasa, komwe lero kuli damu la Cahora Bassa m'chigawo cha Tete, ndipo makope ake ndi zithunzi za zomera zomwe adali nazo zidapita ndi madzi. Chithunzi chomwe sichidasindikizidwe chimakhala chimodzi chokha, ndipo chikatayika palibenso pochipeza.

John Buchanan adabwera mu 1876 ngati wosamalira munda wa mishoni ya Blantyre ya mpingo wa Church of Scotland. Atachotsedwa pa mishoni potsatira mlandu wa zilango zankhanza zomwe amishoni ankapereka kwa eni dziko, adakhazikika ku Zomba ndi abale ake, nkulima khofi, nzimbe ndi fodya m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Abale a Buchanan ndiwo adamanga mu 1886 nyumba ya kazembe wa Britain, Albert Hawes, yomwe anthu adaitcha Masongola chifukwa cha nsanja zake ziwiri zosongoka. Buchanan ankatumiza zomera zambiri ku Kew, n'chifukwa chake dzina lakuti buchananii lili pa mitengo ndi zitsamba zingapo za kuno. Mwa izo muli Aloe buchananii, aloe wa masamba owonda womera m'kati mwa udzu kumapiri, yemwe John Gilbert Baker adamulongosola mu 1895. Buchanan adamwalira chaka chotsatira ku Chinde, pa ulendo wobwerera kwawo.

Harry Johnston, amene adalowa m'nyumba ya Masongola mu 1891 ngati mkulu wa boma la atsamunda, adaphunzira kujambula ku Royal Academy ku London. Buku lake la 1897, British Central Africa, lili ndi zithunzi zojambula yekha, kuphatikizapo za maluwa, komanso mndandanda wa zomera za dziko lino wokonzedwa ku Kew. Adabwera ndi Alexander Whyte, Mskotishi yemwe adatsogolera nthambi ya za sayansi ndi kukonza munda wa zomera pafupi ndi nyumbayo, chiyambi cha munda womwe anthu amakayendamo lero. Zomera zomwe Whyte adatola pa phiri la Mulanje mu 1891 zidalongosoledwa ndi kujambulidwa ku London mu 1894, ndipo m'menemo mkungudza wa ku Mulanje udalandira dzina lakuti Widdringtonia whytei. Wojambula adagwira ntchito ndi nthambi zouma, zomwe kwa mkungudza zidakwanira. Kwa aloe njira idali ina: mmera wamoyo unkayenera kuoloka nyanja.

Chithunzi nambala 7915

Nkhani ya Aloe cameronii ikusonyeza bwino mmene ntchitoyi inkayendera. Mu 1894 Kenneth J. Cameron, wogwira ntchito za minda pansi pa African Lakes Corporation, adatumiza ku Kew aloe wina wa m'dziko muno. Katundu wa masiku amenewo ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga kutsikira ku Shire, nkukwera sitima ya pamadzi mpaka ku Chinde, kenaka chombo cha ku Ulaya. Aloe amapirira ulendo wotere kuposa zomera zambiri, pakuti amakhala miyezi wopanda dothi ndi madzi. Ku Kew adabzalidwa m'nyumba ya magalasi, ndipo padapita zaka 9 asanachite maluwa. Popanda duwa katswiri sakadatha kunena motsimikiza kuti ndi mtundu watsopano.

Atachita maluwa mu 1903, William Botting Hemsley adamulongosola ndi kumupatsa dzina la Cameron m'magazini ya Curtis's Botanical Magazine, pachithunzi nambala 7915. Magaziniyi idayambitsidwa ndi William Curtis mu 1787 ndipo ikutulukabe. Wojambula wake wamkulu nthawi imeneyo adali Matilda Smith, yemwe adabadwira ku Bombay mu 1854 ndipo adaijambulira magaziniyi zithunzi zoposa 2,300. Iye ankayamba ndi pensulo, kuyeza tsamba ndi duwa, kung'amba duwa limodzi ndi kampeni pansi pa galasi lokulitsa zinthu, kenaka n'kupaka utoto wosungunula m'madzi. John Nugent Fitch ankasamutsa chojambulacho pamwala wosalala wosindikizira, ndipo pepala lililonse likatuluka, antchito ena ankalipaka utoto pamanja motsatira chitsanzo. Magaziniyi idapitiriza kupaka utoto pamanja mpaka 1948.

Chithunzi chotere chili ndi malire ake. Smith adajambula mmera wokulira m'magalasi, m'kadzuwa kofooka ka ku London. Pathanthwe la kuno, Aloe cameronii akawombedwa ndi dzuwa m'chilimwe masamba ake amafiira ngati mkuwa, ndipo kufiira kumeneku ndiko kwamutchukitsa m'minda ya maluwa ya ku California ndi ku South Africa. Wojambula wa ku Kew sadaone thanthwelo, kapena timbalame ta choso tomwe timayamwa maluwa a aloe nyengo yozizira. Komanso zolembedwa za chithunzicho zimatchula wojambula, wosindikiza, wolongosola ndi wotumiza, koma osenza mmerawo mpaka ku Shire mulibemo, monga zilili ndi pafupifupi zomera zonse zotoledwa m'zaka zimenezo.

Aloe wa pa phiri la Zomba

M'zaka za m'ma 1930 ntchito ya aloe idasunthira kumwera kwa Africa. Harold Basil Christian, mlimi wa pa Ewanrigg kufupi ndi Harare wa lero, adasandutsa munda wake mosungira aloe a m'chigawo chonse, ndipo mundawo ndi wa boma la Zimbabwe tsopano. Mu 1940 adalongosola Aloe mawii kuchokera ku mmera wa pa phiri la Zomba, nautcha dzina la Captain A. H. Maw. Aloe ameneyu amakula ngati kamtengo m'matanthwe, ndipo chomuzindikirira ndi phesi la maluwa lomwe limagona chopingasa, maluwa onse atayang'ana kumwamba ngati mano a chipeso. Papepala lopanidwa kagonedwe kameneka kamasokonekera, pakuti phesi limapindidwa kuti likwane, pamene chithunzi chimakaonetsa nthawi yomweyo. Chaka chotsatira Aloe mzimbana, wotchedwa dzina la boma la Mzimba, adatuluka ndi chithunzi chamitundu m'magazini ya ku Pretoria ya Flowering Plants of South Africa, yomwe idayamba mu 1921 motsanzira ya Curtis ndipo pambuyo pake idatchedwa Flowering Plants of Africa.

Gilbert Westacott Reynolds, dokotala wa magalasi a maso wa ku South Africa amene adathera moyo wake pa aloe, adasankha kamera. Adayenda ndi galimoto m'maiko ambiri kujambula aloe pomwe amera, ndipo mu 1954 adatulutsa The Aloes of Nyasaland, kenaka mu 1966 buku lalikulu la aloe a m'maiko otentha a Africa ndi Madagascar. Kamera idathetsa vuto la Matilda Smith, chifukwa idaonetsa thanthwe, dzuwa ndi kukula kwenikweni kwa mmera. Buku la Stewart Lane la 2004, A Field Guide to the Aloes of Malawi, lidatsata njira yomweyo.

Komabe pensulo sidapume. Flora Zambesiaca, ntchito yolongosola zomera zonse za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana yomwe idayamba kutuluka mu 1960, imagwiritsa ntchito zithunzi za inki yakuda zojambula pamanja, ndipo banja la kakitasi lili m'buku lachinayi la 1978. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kamera imatenga mmera umodzi pa tsiku limodzi, ndi masamba ake odyedwa ndi mbozi ndi mthunzi wobisa zina. Wojambula amayang'ana zitsanzo zingapo, amasiya zangozi, ndipo amaika papepala limodzi mphukira, duwa lotseguka, duwa long'ambidwa, chipatso ndi njere, zinthu zimene pammera wamoyo zimasiyana miyezi.

Kumene zithunzizi zikugwira ntchito lero

Kafukufuku wotuluka mu 2015 m'magazini ya Nature Plants adapeza kuti mitundu 31 mwa 100 iliyonse ya kakitasi ili pangozi yakutha, ndipo chimodzi mwa zifukwa zazikulu ndi kuzula zomera kuthengo kukagulitsa kwa okonda maluwa. Pafupifupi akakitasi onse, aloe onse kupatula Aloe vera, ndi Euphorbia onenepa ali pa mndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zachilengedwe pakati pa maiko, lomwe Malawi ndi membala wake. Pangano lotere limagwira ntchito ndi maina, ndipo dzina likakayikitsa akatswiri amabwerera ku malongosoledwe oyamba ndi chithunzi chake. Pa phiri la Zomba, pomwe mbali yaikulu idabzalidwa paini ndipo moto wolusa umadutsa kawirikawiri m'chilimwe, aloe ambiri atsalira m'matanthwe ndi m'mphepete mwa maphompho.

Zojambula zenizeni za zomera za m'Malawi zakale zili ku London ndi ku Pretoria. Zosindikizidwa zake zidaikidwa pa intaneti kudzera ku Biodiversity Heritage Library, komwe aliyense angazione kwaulere, kuphatikizapo Blühende Kakteen, The Cactaceae ndi magazini ya Curtis ya 1903. Wofuna kuyerekeza chithunzi ndi mmera wamoyo akwere phiri la Zomba m'miyezi yozizira, cha mu June ndi July, pamene aloe ambiri amachita maluwa. Pachithunzi nambala 7915, pakona ya kumunsi kumanzere, pali zilembo ziwiri, M.S., zomwe Matilda Smith ankasainira ntchito yake.